Kompyuta ya injini siiwala msanga: zomwe zimachitika mukaibwezera mwakale musanapite kwa adila

Alamu anga ali ndi pikiapu ya dizilo imene anagula yatsopano kwa adila ku Blantyre. Ntchito yake ndi yonyamula basi: mpunga wa ku Chilwa, matabwa otsika m'phiri, nthawi zina simenti yopita ku Songani. Isanathe zaka ziwiri anamva kwa anzawo kuti kuli mnyamata wina wa laputopu amene "amatsegula" injini, kuti ikhale yamphamvu koma yosamwa mafuta. Anapita nayo. Galimoto inabwerako yasinthadi, chitunda cha ku Chawe ikukwera ngati kumbuyo kulibe kanthu. Patapita miyezi ingapo kilatchi inayamba kuterereka, kenako kanyali ka check engine kanayaka n'kukana kuzima.

Anandipeza madzulo ena ku Matawale buku la waranti lili m'manja.

"Alamu, ndikangomuuza mnyamata uja kuti abwezeretse zimene zinalimo kale, kwa adila kuja akadziwa?"

Funsoli lili ndi mitu iwiri, ndipo anthu ambiri amaiphatikiza. Kubwezera pulogalamu ya kufakitale n'kotheka, ndipo nthawi zambiri ndi chinthu chanzeru. Kufufuta mbiri yoti munaigwirapo ndi nkhani ina, ndipo pa galimoto zambiri za masiku ano madzi akatayika sawoleka.

Chimene chimasinthidwa n'chiyani kwenikweni

Kabokosi kamene amakaniko athu amati kontolo bokosi, ndipo mabuku amati ECU, ndi kakompyuta kolamulira injini. Kamamva uthenga wochokera ku masensa: liwiro limene injini ikuzungulira, kuchuluka kwa mpweya umene ukulowa, kutentha kwa madzi, mmene phazi lanu lapondera, zimene zikutuluka ku ekizozi. Kakamva, kamayang'ana m'matebulo a manambala amene opanga galimoto analembamo, n'kulamula kuti ma injekita, amene amapopera mafuta mu injini, atsegule liti, kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso turbo ikankhe mpweya wochuluka motani. Zonsezi zimachitika kambirimbiri pa sekondi imodzi. Pa injini za dizilo zamakono, zimene amati common rail, mafuta amapanikizidwa kufika ma bar 1,800 kapena kuposa, pamene tayala la galimoto yomweyo mumalipopa ma bar osakwana 3. Choncho kusuntha nambala imodzi m'tebulo si nkhani yamasewera.

Matebulo amenewo a laputopu amawatcha maps, ndipo kuwasintha ndiko amati remap kapena tuning. Palibe chitsulo chatsopano chimene chimalowa mu injini. Amangoiuza kuti imwe mafuta ochulukirapo panthawi inayake, turbo ikankhe kwambiri, ndipo malire amene opanga anaika pa mphamvu yokoka asunthidwe.

Mwina mungafunse chimene opangawo amasiyira mphamvu ina osaigwiritsa ntchito. Si kuumira. Injini imodzimodziyo iyenera kupirira kutentha kwa ku Nsanje m'mwezi wa Okutobala, mpweya wopepuka wa pamwamba pa phiri la Zomba, dizilo wa m'zigubu amene timagula mafuta akasowa, ndiponso mwini wake amene amasintha oilo akakumbukira. Malo amene amasiyawo ndi a zinthu ngati zimenezi. Wa laputopu akatenga malowo n'kuwasandutsa mphamvu, injini imatsala ilibe pothawira.

Pali chitsanzo chimodzi chimene ndimakonda. Injini ya 2.8 ya mu Toyota Hilux, imene dzina lake ndi 1GD-FTV, inayamba ndi mphamvu ya 130 kW. Mu 2020 a Toyota anaikweza kufika pa 150 kW, ndi 500 Nm pa ya otomatiki. Koma sanangosintha manambala n'kusiya pomwepo. Anaika turbo yokulirapo, anakonzanso njira ya mafuta ndi kaziziritsidwe ka injini. Ngati eni ake enieni anaona kuti 20 kW yowonjezera ikufuna zitsulo zina, muziganiza kawiri munthu akakulonjezani zoposa pamenepo ndi waya umodzi ndi theka la ola. Walira mvula walira matope.

Za kuchotsa batire

Iyi tithane nayo msanga, chifukwa ndaimva kangapo m'magalaja a ku Chinamwali ndi ku Mpondabwino: akuti mukachotsa batire usiku wonse, kompyuta imabwerera mmene inachokera kufakitale. Ayi ndithu.

M'kabokosi muja zinthu zimasungidwa m'malo atatu osiyana. Malo oyamba, amene amati flash, ndi amene mumakhala pulogalamu ndi matebulo aja. Zimene zalembedwa mmenemo sizifuna magetsi kuti zikhalebe, monga nyimbo za pa memori khadi sizitha foni ikazima. Malo achiwiri ndi kachigawo kakang'ono, EEPROM, kamene kamasunga zinthu za galimoto yanuyo payokha: nambala ya chasisi, chinsinsi chogwirizana ndi kiyi, manambala a ma injekita, ndi ziwerengero zina. Nakonso sikafufutika ndi kuchotsa batire. Malo achitatu ndi amene kompyuta imasungamo zimene yaphunzira poyenda, monga kuwonjezera kapena kuchepetsa mafuta pang'ono malinga ndi kukalamba kwa injini. Awa okha ndi amene pa galimoto zambiri amafufutika batire likachoka.

Ndiye mukachotsa batire mwataya wotchi, masiteshoni a wailesi ndi zimene injini inaphunzira. Tuning ija ili pomwepo, siinasunthe. Kufufuta makodi, manambala a mavuto amene kompyuta yaona, ndi kamakina ka diagnosis nakonso ndi chimodzimodzi: mwazimitsa kanyali, simunakhudze pulogalamu.

Mmene inalowera ndi mmene idzatulukire

Musanaganize zobwezera, dziwani njira imene anagwiritsa ntchito, chifukwa iliyonse imasiya mapazi ake.

Njira yofala ndi yodzera pa soketi ya OBD, ija ya timabowo 16 imene imakhala pansi pa chiwongolero. Ku America inakhala yokakamiza pa galimoto kuyambira mu 1996, ku Ulaya pa za petulo mu 2001 ndipo za dizilo zinatsatira patapita zaka zochepa, n'chifukwa chake pafupifupi galimoto iliyonse imene tikuyendetsa ili nayo. Wa laputopu amalumikiza chida chake pamenepo, amawerenga fayilo imene ilimo, amaisintha, n'kuilembanso. Zida zodziwika pa ntchito ya tuning ndi monga KESS ndi K-TAG za kampani ya ku Italy yotchedwa Alientech, ngakhale kuti zambiri zimene zimayenda m'zikwama kuno ndi zongotengera, zotchipa, zochokera ku China.

Makompyuta ena opanga anawakhoma mwakuti pa OBD salola kulembedwa. Pamenepo amachotsa bokosi lonse m'galimoto, kuliika patebulo, nthawi zina kulitsegula kumene kuti afike pa timawaya ta m'kati. Bokosi limeneli kufakitale amalimata ndi guluu wake woletsa madzi. Likatsegulidwa, ngakhale ndi munthu waluso, pamatsala zizindikiro: pokanda sikuludiraiva, guluu wa mtundu wina, zomangira zoperepeseka. Izi sizifuna kompyuta kuti zioneke. Maso okha akwanira.

Njira yachitatu ndi kabokosi kongowonjezera, kamene amakalumikiza pakati pa sensa ndi kompyuta. Iko sikasintha pulogalamu. Kamangonamiza kompyuta, mwachitsanzo kuiuza kuti mafuta sanapanikizidwe mokwanira pamene apanikizidwa kale, kuti iwonjezere. Ogulitsa amati mukakazula palibe angadziwe. Pulogalamu imakhaladi yosakhudzidwa, koma kompyuta imene yakhala ikunamizidwa miyezi isanu ndi umodzi imatha kusunga manambala osagwirizana, ndipo mapulagi amene akhala akuzulidwazulidwa amaoneka pakati pa anzawo afumbi.

Ndiye pali gulu lina limene kuno lachuluka kuposa ofuna liwiro: amene anazimitsa EGR, anachotsa DPF, kapena anadula kata (catalytic converter), chitsulo choyeretsa utsi cha ku ekizozi. EGR imabweza utsi wina mu injini kuti uchepetse mpweya woipa, ndipo DPF ndi sefa yogwira mwaye wa dizilo. Galimoto imene imangozungulira m'tauni, kuchoka ku Sadzi kupita ku msika n'kubwerera, sitentha mokwanira kuti iwotche mwayewo, motero sefayo imatseka. Makaniko amati tingoichotsa, n'kuuza kompyuta kuti isamaifunefune. Uku nakonso ndi kusintha pulogalamu, ngakhale mwini galimoto sanafune mphamvu yowonjezera ngakhale pang'ono, ndipo kwa opanga galimoto kulibe kusiyana.

Kubwezera kwenikweniko

Chinthu chimodzi chimene chimalamula zonse ndi fayilo yoyambirira. Munthu wodziwa ntchito, asanasinthe kanthu, amawerenga zimene zili m'kompyuta yanu n'kuzisunga padera. Ngati fayilo imeneyo ilipo, kubwezera ndi ntchito ya mphindi zochepa. Ngati palibe, chifukwa laputopu inabedwa, kapena mnyamatayo anapita ku Joni, kapena sanasunge n'komwe, mavuto ayamba.

Anthu ambiri zikatere amakatsitsa fayilo pa intaneti yolembedwa kuti "original" ya galimoto ya mtundu womwewo. Koma mtundu womwewo si kuti pulogalamu yomweyo. Pikiapu ziwiri zofanana dzina, injini ndi chaka zikhoza kukhala ndi mapulogalamu osiyana chifukwa ina ndi ya manyuwo ina ya otomatiki, ina inapangidwira msika wa ku South Africa ina wa ku Ulaya, ina ili ndi DPF ina ilibe. Pa bokosi pamakhala nambala ya chitsulocho, ndipo m'kati muli nambala ya pulogalamu. Zonse ziwiri ziyenera kugwirizana ndi fayilo imene mukulowetsa. Zikasemphana, mwina galimoto ilira koma iziyenda modwala, mwina siilira n'komwe.

Kulembako nakonso kuli ndi ngozi yake, ndipo kuno kwathu ngoziyo ndi yaikulu kuposa kwina. Polemba, kompyuta imayamba yafufuta zakale kenako n'kulandira zatsopano. Pakati pamenepo ilibe kanthu m'mutu. Magetsi akadukiza panthawi imeneyo, imatsala yakufa, yosayankha ngakhale kwa chida chimene chimailemba. Nthawi yonseyi kiyi amakhala ali pa on injini isakulira, ndipo pa galimoto zina mafani amazungulira mwamphamvu, kukoka batire. N'chifukwa chake odziwa amalumikiza chida chosunga mphamvu ya batire pamalo amodzi, cha m'ma volti 13, osati tchaja wamba. Koma chidacho chimadalira magetsi a pakhoma, ndipo tonse tikudziwa mmene magetsi amatichitira. Musanalole munthu kuyamba, funsani mafunso atatu ooneka opusa: batire la galimoto ndi lamphamvu? Laputopu ili ndi batire lakelake kapena imazima pulagi ikagwedezeka? Magetsi akathima pakati pa ntchito, chichitike n'chiyani? Akayankha kuti "sizingachitike bwana", tengani kiyi wanu.

Bokosi likafa, ena amathamangira ku Limbe kukafuna lakale la galimoto yophwasulidwa. Limenelonso si longolumikiza. Lili ndi nambala ya chasisi ya galimoto ina, limadikira kiyi wina, ndipo pa dizilo limadziwa ma injekita ena. Pa injini zambiri za common rail injekita iliyonse imakhala ndi nambala yakeyake yosindikizidwa pamutu, imene imauza kompyuta kusiyana kwake pang'ono ndi inzake, ndipo manambalawo ayenera kulowetsedwa. Ndipo mukafika nalo kwa adila, makina awo akawerenga nambala ya chasisi yosiyana ndi ya pa galimoto, nkhani ya waranti yathera pakhomo.

Chimene ambiri amaiwala ndi zitsulo. Mukabwezera pulogalamu ya kufakitale, kompyuta imayambanso kufunafuna zonse zimene inazolowera. Ngati DPF inachotsedwa, sensa yake iona kuti palibe chimene chikutsekereza utsi, kanyali kayaka, ndipo galimoto zambiri zimadzichepetsa mphamvu zokha, moti kuchoka ku Thondwe kufika ku Namadzi mudzapitiriridwa ndi kabaza. Ngati pa EGR anatsekapo ndi kachitsulo, kayenera kuchoka. Choncho kubwezera kwenikweni ndi pulogalamu pamodzi ndi zitsulo zonse, ndipo DPF yatsopano si yotchipa. Amene anataya yakale kapena kuigulitsa kwa ogula zitsulo amalira pamenepa.

Zimene zimatsala

Tsopano tifike pa funso la alamu aja. Tiyerekeze kuti zonse zayenda bwino: fayilo yoyambirira yapezeka, yalowa, zitsulo zabwerera. Adila akadziwa?

Ndimaiyerekeza ndi buku la kuchipatala lija timanyamula. Mukhoza kuchira, thupi n'kubwerera mwakale, koma masamba akale ali momwemo. Mukang'amba tsamba, adokotala aona kuti pang'ambidwa.

Choyamba, pulogalamu iliyonse ili ndi dzina lake ndi nambala yoitsimikizira, imene amati CVN. Nambalayi imawerengedwa kuchokera ku zonse zimene zili m'matebulo, mwakuti mukasintha kanthu kamodzi nayonso imasintha. Makina a diagnosis amaiwerenga kudzera pa OBD pomwepo. Mukabwezera fayilo yeniyeni, nambalayi imabwerera m'malo mwake, ndipo apa mwapulumuka. Mukalowetsa ya pa intaneti imene wina anaigwiragwira, ikhoza kukuwululani.

Chachiwiri ndi chovuta. Makompyuta ambiri, makamaka a Bosch amene ali m'galimoto za ku Ulaya, amawerengera kuti alembedwa kangati, ndipo ena amasunga tsiku ndi chizindikiro cha chida chimene chinalemba. Kulowetsa tuning ndi kamodzi. Kubwezera ndi kawiri. Ndiye kubwezera kumene mukuti kufufute mapazi ndi kumene kukuwonjezera phazi lina. Opanga amadziwa kuti iwo galimoto yanu anailemba kangati, chifukwa nthawi iliyonse imene adila asintha pulogalamu zimalembedwa kwawo. Ziwerengero ziwirizi zikasiyana, funso limabwera lokha. Alipo a laputopu amene amati chiwerengerochi amatha kuchibweza. Si pa galimoto zonse, ndipo ngati galimoto inapitapo ku sevisi ili ndi tuning, zimene makina anawerenga tsiku limenelo zili kutali kumene laputopu yake singafike.

A Volkswagen ndi Audi ndi amene amadziwika kwambiri pa zimenezi. Galimoto ikalumikizidwa ku makina a adila amene ali pa intaneti, pulogalamu yake imayerekezedwa ndi ya kufakitale, ndipo ikapezeka yosiyana nambala ya chasisi imapatsidwa chizindikiro chotchedwa TD1. Chizindikirocho sichikhala m'galimoto. Chimakhala m'kaundula wa kampani, moti mungabwezere pulogalamu kakhumi, kapena kugulitsa galimoto kwa wina, icho chili pomwepo. Eni ake a Polo, Golf ndi Amarok adziwe zimenezi. Makampani ena ali ndi njira zawo, zina zolimba zina zofooka, ndipo galimoto ikakhala yatsopano kwambiri m'pamenenso imasunga zambiri.

Chachitatu ndi tizinthu ting'onoting'ono timene makaniko aliyense watcheru amaona. Kompyuta imasunga makilomita amene galimoto yayenda chifufutireni makodi, ndi kangati injini yatenthedwa kuyambira pamenepo. Imakhalanso ndi mayeso ake amene imadziyesa yokha poyenda, ndipo ikangolembedwa kumene mayesowo amaonetsa kuti sanathe. Taganizirani galimoto imene pa dashibodi ikuonetsa makilomita 60,000, mwini wake akuti kanyali kavutitsa mwezi wathunthu, koma kompyuta ikuti makodi anafufutidwa makilomita osakwana 70 apitawo, mtunda wa kuchoka ku Zomba kufika ku Blantyre. Izi pazokha si umboni wa tuning, pakuti batire longosinthidwa likhoza kuchititsa zomwezo. Koma zimadzutsa munthu amene anali kugona.

Palinso vuto lina pamenepa limene limapweteka mwini galimoto yekha. Kanyali kakayaka, kompyuta imajambula mmene zinthu zinalili panthawiyo: liwiro, kutentha, katundu amene injini inali kukoka. Chithunzi chimenecho ndi chimene makaniko amayambira pofufuza. Mukalemba pulogalamu mwatsopano chimafufutika. Mwafika kuchipatala mutataya zotsatira za magazi.

Chachinayi, kompyuta ya injini siili yokha. Giyabokosi ya otomatiki ili ndi yake, mabuleki ali ndi yawo, ndipo zimalankhulana. Pa galimoto zina ya giyabokosi imakumbukira mphamvu yaikulu imene inalandirapo. Mukhoza kuyeretsa nyumba imodzi mboni zili kwa aneba.

Ndipo pomaliza pali chitsulo chenichenicho. Pisitoni yosungunuka pamutu, turbo imene yazungulira kupitirira malire ake, kilatchi yopsa pa makilomita ochepa: izi zimalankhula zokha. Kukonza kwa ndalama zochepa adila akhoza kungochita osafunsa zambiri. Koma injini yathunthu salipira ndi iwo, amalipira ndi opanga galimoto, ndipo asanavomere amafuna zithunzi, zimene makina awerenga, nthawi zina ndi zitsulo zowonongekazo. Ndalama ikakula, maso nawonso amachuluka.

Waranti imati chiyani

Waranti ndi pangano lakuti opanga adzakonza chimene chawonongeka chifukwa cha kulakwitsa kwawo, kaya pa chitsulo kapena pa kapangidwe. Si inshuwalansi. Mabuku a waranti pafupifupi onse ali ndi ndime yonena kuti zowonongeka chifukwa cha kusintha kosavomerezedwa sizili m'panganolo. Tsegulani lanu muwerenge ndimeyo liwu ndi liwu, chifukwa mawu ake ndi amene adzagwire ntchito. Ena amachotsa zokhazo zimene kusinthako kwakhudza, ena amalemba mokulirapo.

Mukafufuza pa intaneti mupeza anthu ambiri akunena molimba mtima kuti adila sangakane waranti pokhapokha atatsimikiza kuti tuning ndi imene yawononga. Amene akulankhulawo ambiri ndi a ku America, ndipo akutsamira pa lamulo lawo la 1975 lotchedwa Magnuson-Moss Warranty Act. Lamulo limenelo silifika pa Chileka. Kuno chimene muli nacho ndi pangano limene munasaina, malamulo athu oteteza ogula, ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission kumene mungakadandaule ngati mukuona kuti akukanizani mopanda chilungamo. Ndipo ngakhale ku America komweko, munthu amene wawonjezera mphamvu ya injini n'kuphulitsa turbo nkhani yake siikhala yophweka.

Kumene muli ndi mawu ndi pa zinthu zosakhudzana ndi injini. Galasi la pachitseko likaleka kukwera, wailesi ikafa, penti ikayamba kusupuka, palibe nzeru yonena kuti matebulo a mafuta ndi amene achititsa. Chimodzimodzinso galimoto zikaitanidwa ndi opanga chifukwa cha vuto la chitetezo, monga zinachitikira ndi ma airbag a Takata pa galimoto mamiliyoni ambiri padziko lonse: kumeneko ndi kukonza kwa aliyense, sikudalira zimene munachita ndi injini. Koma injini, turbo, ma injekita, giyabokosi ndi madifu, zonse zimene mphamvu yowonjezerayo imadutsamo, muziwerenge ngati zili m'manja mwanu kuyambira tsiku limene laputopu inalumikizidwa.

Maganizo anga ndi akuti kubwezera pulogalamu n'cholinga choti mukaname kuti simunaigwirepo ndi njuga yoipa, kupatula kuti ndi chinyengo, chifukwa mukufuna kuti wina alipire chimene mukudziwa kuti mwina mwawononga nokha. Mukagwidwa simutaya kukonza kwa tsiku limenelo kokha. Mumataya chikhulupiriro cha anthu amene galimoto yanu idzawafunabe zaka zikubwerazi, ndipo adila a mtundu umodzi wa galimoto m'dziko muno si ambiri oti mukakwiyitsa uyu mupita kwa uyo. Pali kukonza kwina kumene adila amachita mwa chifundo chabe, kugawana mtengo ndi kasitomala amene amabwera ku sevisi mokhulupirika ngakhale pangano silikuwakakamiza. Khomo limenelo wabodza amadzitsekera yekha.

Ndiye kubwezera kuli ndi phindu lanji? Lilipo, ndipo ndi lalikulu. Makina a adila ndi mabuku awo amayembekezera manambala a kufakitale, moti galimoto ya tuning imawasokoneza, n'kuyamba kusintha zitsulo zabwinobwino pofunafuna vuto limene lili m'pulogalamu. Nthawi zina kubwezera kokhako kumathetsa vutolo. Ngati silinathe, mwadziwa kuti ndi chitsulo. Komanso injini imene yayamba kale kudandaula siyenera kupitiriza kukakamizidwa. Ndondomeko yabwino ndi yakuti makodi ndi chithunzi chija ziwerengedwe n'kusungidwa kaye, kenako pulogalamu ibwezedwe, ndipo mukafika muwauze kuti inasinthidwa pa makilomita akuti, yabwezedwa pa akuti. Adila enieniwo akhozanso kulowetsa pulogalamu yovomerezeka ndi makina awo, ndipo kwa amene fayilo yoyambirira inatayika iyi ndi njira yodalirika kuposa zonse. Dziwaninso kuti pa sevisi wamba akhoza kulowetsa pulogalamu yatsopano yochokera kwa opanga, ndipo tuning imene munalipira imafufutika osakufunsani.

Kwa ife a galimoto zakale

Kunena zoona, nkhani ya waranti ikukhudza anthu ochepa mu Zomba muno: mabungwe, maofesi a boma, ma esiteti ndi amalonda angapo. Ambirife tikuyendera ma Sienta, ma Vitz ndi ma Mira amene anatsika sitima ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, waranti yawo inathera ku Japan kalekale. Komabe zimene zili pamwambazi zimatikhudza pogula galimoto kwa munthu. Ngati wogulitsa akunyadira kuti "iyi ndi yotsegula", funsani amene anatsegula ndi kumene kuli fayilo yoyambirira. Ngati ndi ya dizilo ya chaka chimene inayenera kukhala ndi DPF, suzumirani pansi muone ngati pa ekizozi pali powotcherera. Ndipo ngati kanyali ka check engine sikayaka ngakhale mukangotembenuza kiyi injini isanalire, mwina wina anakachotsa dala.

Alamu aja mnyamata wawo anampeza, ndipo mwamwayi fayilo inali ikadali mu laputopu. Anaibwezera Loweruka m'mawa, jenereta ili chilire pambali kuopa za magetsi. Lolemba anapita ku Blantyre n'kukanena zonse mmene zinayendera. Kilatchi analipira okha, ndipo anawauza kuti ngakhale pakanapanda tuning, kilatchi ndi chinthu chotha ndi ntchito chimene waranti siikonda kulipira. Kanyali kaja kanali ka sensa ya ku ekizozi imene inakutidwa ndi mwaye, nayonso inatuluka m'thumba mwawo. Loko wa chitseko cha kumbuyo, amene anali atavuta kwa nthawi yaitali, anawasinthira ulere. Pa kadi la galimoto yawo panalembedwa mzere umodzi umene sudzachoka.

Fayilo ija tsopano ili pa fulashi imene amasunga m'buku la waranti lomwelo. Sabata yatha ndinakwera nawo ku Chawe kukatenga matabwa. Pa kona yachitatu anatsitsa giya, injini ikubuula, ndipo anandiyang'ana cham'mbali.

"Alamu, pano kale ndinkadutsa pa fo."